Kodi Wotumidwa ndi Mulungu Aziloledwa Kutopa?

Mlongo wanga ndi mwamuna wake atha zaka zisanu ndi zinayi akugwira ntchito ya umishonale m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Chaka chatha mpingo umene udawatuma udawapatsa miyezi itatu kuti abwere kumudzi adzapume. Ine ndidali mmodzi mwa amene tidakawachingamira pa depoti ya basi ku Limbe, ndipo ndiulule pano kuti m'thumba la jekete langa mudali pepala. Papepalapo ndidandandalika masabata khumi ndi awiri ndi mipingo khumi ndi iwiri kumene alamu angawo akalalikire ndi kufotokoza za ntchito yawo, kuti mwina anthu angakhudzidwe n'kupisa m'thumba. Pakati pa mlungu ndidaikapo misonkhano ya amayi ndi ya achinyamata, kudzanso maulendo okapepesa maliro onse amene adachitika iwo kulibe, poti kwathu kuno wochokera kuulendo sakhazikika asanakagwade pakhomo pamene padagwa zovuta. Pepala limenelo ndidalinyadira kwambiri. Ndinkati ndawagwirira ntchito.

Patapita milungu isanu ndi iwiri, usiku wina tidali pakhonde tikutongola chimanga, ana atagona. Mlongo wangayo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Achimwene, kodi mungakwiye titabwerera ku Nampula mawa, kuti tikapumeko pang'ono?" Ndidaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Nditamuyang'ana ndidaona kuti iye sakuseka. Tsono mtima wanga udapsa. Ndidati chamumtima, kodi si iwo omwewa adaimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti Mulungu wawaitana? Nanga woitanidwa ndi Mulungu n'kumalira kutopa ngati kalaliki wa mu ofesi? Mayi athu otibala, amene afika zaka 70 khasu likadali m'manja, adawapatsa tchuthi ndani? Sindidatulutse mawu amenewa, koma mkwiyo wa usiku umenewo ndiwo wabala nkhani ino.

Anzanga amene simupemphera, musathamangire kutsegula tsamba lina poganiza kuti iyi ndi nkhani ya m'tchalitchi. Funso lake likukhudza aliyense amene adadzipereka ku ntchito yomuposa msinkhu: dokotala wa kumudzi, mphunzitsi, womenyera ufulu wa dziko, ngakhale mlembi amene amati sagona mpaka buku litatha. Funsolo nali: munthu akadzipereka yense, kodi pamatsala kanthu kamene angati n'kake? Ndipo mkazi wake ndi ana ake ali mbali iti, mbali ya choperekedwa kapena ya chotsala?

Tiyambe ndi mbali imene ndidaima ine usiku uja, chifukwa si yopusa ayi. Chikhristu chidafika kuno podzera kumanda. Sitima ya Ilala idalowa m'nyanja yathu pa 12 Okutobala 1875, ndipo amishonale a Livingstonia adamanga ku Cape Maclear. Pofika 1881, pamene ankasamukira ku Bandawe, adasiya manda asanu ndipo adali ndi wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mwa ogona m'mandawo muli Dr William Black ndi Shadrach Mngunana, Mxhosa wa ku Lovedale, onse awiri omwalira mu 1877. Mnzake wa Mngunana, William Koyi, adagwira ntchito pakati pa Angoni a M'mbelwa mpaka adamwalira ku Njuyu mu 1886. Awa ndiwo amene timawatchula pa maguwa. Palibe mlaliki amene adagwetsapo anthu misozi ndi nkhani ya mmishonale amene adagona tulo tokwanira n'kufa atakalamba. Tidaphunzitsidwa kuti kandulo yabwino ndi imene yatha.

Palinso mfundo ina yoluma kuposa iyi. Anthu amene mmishonale amawatumikira sapuma. Mlimi wa ku Nampula sangachoke pamene pali chilala kuti akatsitsimuke kwina. Amene ali ndi tikiti yochokera pamalo amakhala mlendo mpaka kale, ndipo paja amati mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wapita. Tsono ngati uthenga umene munthu wanyamula ukunena za Mulungu amene adasiya kwawo n'kudzakhala pakati pa anthu mpaka kufa imfa yawo, wonyamula uthengawo angaulalikire bwanji tikiti yobwererera ili m'thumba?

Yankho limene timamva kawirikawiri n'la nkhwangwa. Amati wodula mtengo akakana kuima kuti anole nkhwangwa, amadula mitengo yochepa. Mabungwe a mishoni adaphunzira zimenezi atakwirira anthu ambiri. Poyamba sankadziwa chimene chimabweretsa malungo, pakuti Ronald Ross adapeza kachilombo kake m'mimba mwa udzudzu mu 1897. Komabe adaona kuti kumapiri anthu safa monga kunyanja. N'chifukwa chake Livingstonia idakwera ku Khondowe mu 1894. Ku India amishonale a ku America adayamba kumanga pa phiri la Kodaikanal mu 1845 pothawa kutentha ndi matenda a kuchigwa. Kudabweranso lamulo lakuti pakapita zaka zingapo banja lizibwerera kwawo kukakhala miyezi yambiri, ndipo ambiri mwa obwerera ku Britain ankapita ku msonkhano wa chitsitsimutso wa ku Keswick, umene udayamba mu 1875, chaka chomwecho cha Ilala. Masiku athu ano mfundo yomweyi yavala ziwerengero. Mu 1997 bungwe la World Evangelical Fellowship lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wochitika m'maiko 14 otumiza amishonale. Adapeza kuti chaka chilichonse pafupifupi mmishonale mmodzi mwa 20 amasiya ntchito, ndi kuti mwa osiya 100 alionse, 71 amasiya pa zifukwa zimene zikadapewedwa, monga kusowa chithandizo chochokera kwawo, mavuto a m'banja ndi kusamvana ndi anzawo.

Zonsezi n'zoona, ndipo sindikuzitsutsa. Koma ndikukana kuti zikhale maziko a nkhani yathu. Buku limene mudatuluka ziwerengero zija adalitcha Too Valuable to Lose, ndiko kunena kuti anthuwa ndi amtengo wapatali kotero si bwino kuwataya. Mawu amenewa ndi okoma, koma amanenedwanso za thalakitala. Immanuel Kant, m'buku lake la mu 1785, adaphunzitsa kuti munthu tisamamuyese chipangizo chabe chokwaniritsira zolinga zathu, pakuti munthu aliyense ndi cholinga payekha. Makolo athu sadawerenge Kant, koma ankasiyanitsa bwino lomwe kusamala ng'ombe ya pangolo ndi kusamala mbale. Ng'ombe umaipumitsa kuti mawa ikoke. Tikangovomera kuti mmishonale apume kuti akagwire ntchito yambiri, ndiye kuti tavomeranso kuti mpumulo wake tiziuyesa ndi phindu limene ukubweretsa. Pamenepo mpomwe padachokera pepala langa lija. Ndidaona miyezi itatu ili chikhalire, ndipo ndidati iyi isaonongeke, ibale ndalama za ntchito. Sindidaphwanye mfundo ya nkhwangwa ayi. Ndidaitsata mpaka kumapeto kwake.

Choopsa china cha mfundo ya nkhwangwa n'chakuti imaiwala amene si nkhwangwa. Mwana wa mmishonale sadula mtengo uliwonse. Iye sadamve kuitana, sadaimirire pamaso pa mpingo, sadalonjeze kanthu. Adangobadwa. Taonani banja la munthu amene tauni yathu yaikulu ya malonda idatenga dzina la mudzi wobadwira wake. Mu 1852 David Livingstone adakweza mkazi wake Mary ndi ana anayi m'sitima ku Cape Town kupita ku Britain, dziko limene Mary, wobadwira mu Africa muno, sankaliyesa kwawo. Adakhala kumeneko zaka zoposa zinayi akusamukasamuka m'nyumba za lendi, ndalama zikumuperewera. Pambuyo pake adatsatira mwamuna wake ku Zambezi, ndipo patangopita miyezi itatu chikumaniraninso, adamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo 1862 ali ndi zaka 41. Mwana wawo wotsiriza, Anna Mary, wobadwa mu 1858, adaona nkhope ya bambo wake koyamba mu 1864. Chaka chomwecho mwana wawo woyamba, Robert, adafera pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ali ndi zaka 18, akugwiritsa ntchito dzina lina. Robert Laws, amene adatumikira kuno zaka 52 kuchokera 1875 mpaka 1927, ndi mkazi wake Margaret adataya ana angapo, ndipo Amelia, mmodzi yekha amene adakula, adakulira ku Scotland kutali ndi makolo ake.

Sindikunena izi kuti ndinyoze anthu amenewa. Ife amene makolo athu ankathawa magoli a ukapolo tili ndi ngongole kwa Livingstone, ndipo iye adamulira mkazi wake kuchokera pansi pa mtima. Ndikungofunsa kuti mtengo wa ntchitoyo adalipira ndani, ndipo adafunsidwa kodi? M'Baibulo muli atate awiri amene adafika popereka ana awo nsembe. Abrahamu adalamulidwa, ndipo pomaliza dzanja lake lidagwidwa, mwana n'kupulumuka. Yefita, wa m'buku la Oweruza mutu 11, palibe adamulamula. Adalumbira yekha ali m'kati mwa changu cha nkhondo kuti adzapereka chilichonse choyamba kutuluka pakhomo pake, ndipo chidatuluka ndi mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, akuvina. Chimene mtsikanayo adapempha ndi miyezi iwiri yoti akakhale kumapiri ndi anzake. Ndikuopa kuti atate ambiri odzipereka, a mumpingo ndi a kunja komwe, amadziyesa Abrahamu pamene ali Yefita.

Nkhani imeneyi sindidaiwerenge m'mabuku mokha. Mwana woyamba wa mlongo wanga amakhala kwa ine chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, chifukwa makolo ake adafuna kuti aphunzire sukulu ya kuno m'malo mwa ya Chipwitikizi. Tsopano ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Tsiku limene tidafika kuchokera ku Limbe, mtsikanayu adagwada pakhomo, napereka moni mwaulemu wonse, kenaka adabwera kwa ine n'kunong'ona kuti, "Amalume, kodi alendowa ndiwaphikire tiyi kapena adikira nsima?" Tonse tidamuyamika kuti ndi mwana woleredwa bwino. Pa mwambo wa kwathu ine ndine mwini mbumba, woyenera kuona msanga ngati ana a mlongo wanga akusowa kanthu. Koma ndidamva mwana akutchula mayi wake kuti mlendo, ndipo m'mawa mwake ndidawanyamula makolo akewo kupita nawo ku mpingo woyamba wa papepala langa.

Tsono mpumulo n'chiyani, ngati suli kunola nkhwangwa? Aristotle adati timagwira ntchito kuti tipeze mpata wopuma, osati kupuma kuti tigwire ntchito. Abraham Heschel, mphunzitsi wa Chiyuda, adanenanso zofanana m'buku lake la mu 1951 lonena za Sabata: kuti tsikulo silidaikidwe kuti munthu abwezeretse mphamvu za mlungu ukubwerawo, koma ndilo nsonga imene masiku ena onse akukwerera. Ine ndikuona kuti kwa munthu wotumidwa mpumulo uli ndi tanthauzo linanso. Ndi kuvomera kuti iye si Mulungu. Tchimo limene limazembera anthu odzipereka si ulesi; ndi kudziyesa mzati wa denga lonse. Mneneri Eliya, atathawa Yezebeli, adagona pansi pa kamtengo m'chipululu napempha kufa, ndipo dandaulo lake lidali lakuti watsala yekha. Tawerengani 1 Mafumu 19 muone m'mene adathandizidwira. Sadalandire ulaliki. Adapatsidwa mkate ndi madzi, nagonanso, napatsidwanso chakudya. Pambuyo pake mpamene adauzidwa kuti alipo ena 7,000 amene sadagwadire Baala, ndi kuti akadzoze wina woti adzalowe m'malo mwake. Mankhwala a Eliya adali tulo, chakudya, ndi uthenga wakuti ntchito idzapitirira iye kulibe.

Wina adzandikumbutsa kuti mu Marko 6, pamene Yesu adatenga ophunzira ake kupita kwa okha chifukwa ankasowa ngakhale mpata wa kudya, khamu lidathamanga n'kukafika iwo asanafike, ndipo iye adalichitira chifundo, mpumulo n'kuthera pomwepo. N'zoona. Pali masiku amene wodwala ali pakhomo ndipo tchuthi chiyenera kudikira. Koma werenganibe mutu womwewo: atawadyetsa anthuwo adawauza kuti azipita, iye n'kukwera phiri yekha. Odwala adali asanathe m'Galileya usiku umenewo. Alamu anga adandiuza tsiku lina kuti kwa zaka zingapo sadatsegulepo Baibulo popanda kusakamo mutu wa ulaliki, ndipo kuti sadapempherepo popanda wina womvetsera amene ayenera kulimbikitsidwa ndi pempherolo. Adati, "Alamu, ndidasanduka wophika amene amangolawa mchere." Kutsitsimuka kwa mzimu kumene anthu otere amakusowa si kumva nkhani zatsopano za Mulungu. Ndi kukhala pansi m'mbale muli chakudya chimene sudaphike ndiwe.

Apa mpamene pakubwera nkhani ya chiyanjano, imene kwa ife a kuno ili ndi minga. Chifukwa chiyani amishonale akafuna kupuma amafunafuna amishonale anzawo? Ngati amawakondadi anthu amene akukhala nawo, bwanji osapuma pakati pawo? Funso limeneli ndidakula nalo, chifukwa agogo anga aamuna, ali mnyamata m'zaka za m'ma 1940, adali mmodzi mwa osenza katundu wa banja lina la azungu a mishoni pokwera phiri la Mulanje nyengo yotentha. Ankasenza mabokosi a zakudya, zofunda ndi mabuku, ndipo ana ang'onoang'ono ankawanyamula pa machila. Pamwambapo mabanja angapo ankakumana n'kukhala milungu ingapo. Agogo ankagona m'kachisakasa ka kuseri, mphepo ya paphiri ikulowa paliponse, akumva azunguwo akuimba nyimbo za Mulungu m'chinenero chawo pafupi ndi moto. Ndili mnyamata wa sekondale, magazi akuwira, ndidawafunsa ngati sankadana nawo. Adaganiza pang'ono, nati, "Mzungu uja ndidamuona akuseka koyamba paphiri paja. Kumishoni nkhope yake idali ngati chitseko. Paphiri ankakwawa pansi, mwana atamukwera pamsana. Ndidati, kani ameneyu ndi munthu."

Yankho limenelo lidandikwiyitsa nthawi imeneyo. Ndidalimvetsa mlongo wanga atandisimbira za msonkhano wina wa mlungu umodzi umene adapitako ndi banja lake, kumene kudasonkhana mabanja a amishonale ochokera ku Brazil, ku Korea, ku Nigeria ndi kwina. Adati kumeneko adapeza chinthu chimene sangachipeze ku Nampula kapena kuno kumudzi. Ku Nampula iye ndi mayi busa, ndipo mayi busa sadwala mutu, sakangana ndi mwamuna wake, sakayika. Kuno kumudzi ndi ngwazi imene tidaituma, ndipo ngwazi ikadandaula zopereka zimatsika. Koma usiku wina kumsonkhanoko adatsegula pakamwa nanena kuti masiku ena amadzuka akudana ndi anthu omwe adatumidwa kukawakonda. Adadikira kuti amudzudzule. M'malo mwake mayi wina wa ku Korea adaphulika kuseka, ena onse n'kutsatira, aliyense akugwedeza mutu kuvomereza. Ana nawonso, amene kulikonse amafunsidwa kuti kwanu n'kuti, adapeza anzawo amene funso limenelo limawasowetsa chonena chimodzimodzi. Pamenepo ndidazindikira kuti si tsankho lokha limene linkasonkhanitsa mabanja aja pa Mulanje. Munthu amasowa malo amodzi pamene angavule udindo monga avula nsapato, n'kupemphera m'chinenero chimene mayi wake ankamutonthozera nacho.

Komatu agogo sadathere pomwepo. Atanena za mzungu wokwawa uja, adakoka fodya wawo, nawonjezera kuti, "Koma ife tikatsika phiri, m'mawa mwake belu la ntchito linkatiimbira pamodzi ndi amene sadakwere." Mawu amenewa ndiwo muyeso umene ndikufuna kuupereka kwa inu. Lamulo la Sabata, monga lalembedwera pa Deuteronomo 5, silikulankhula kwa wotopa ayi. Likulankhula kwa mwini nyumba, amene ali ndi mphamvu yopumitsa ena, ndipo likutchula mmodzimmodzi: mwana wamwamuna ndi wamkazi, wantchito wamwamuna ndi wamkazi, ng'ombe, bulu, ndi mlendo wokhala m'mudzi. Chifukwa chake chaperekedwa pomwepo: kuti wantchito apume monga mbuye wake, popeza mbuyeyo adali kapolo ku Ejipito. Motero mpumulo umene wagulidwa ndi msana wa wina amene sadzapuma konse ndi mpumulo wa theka. Cholakwa cha pa Mulanje sichidali chakuti mzungu adakwawa ndi mwana wake. Chidali chakuti palibe adafunsa kuti wosenza machila adzakwawa liti ndi wake.

Funso limeneli likadali lamoyo, ngakhale machila adatha. Sukulu zogonera komweko monga Rift Valley Academy ya ku Kijabe ku Kenya, yoyamba mu 1906, ndi Sakeji ya ku Zambia, yoyamba mu 1925, zidamangidwa poganizira ana a amishonale achizungu. Koma ngakhale masiku amenewo kudali amishonale akuda ochoka kwawo ndi mabanja awo. David Kaunda, wophunzira wa Livingstonia, adapita ku Chinsali cha m'ma 1905, natumikira kumeneko mpaka adamwalira mu 1932, kusiya mkazi wake Helen ndi ana m'dziko la eni; wamng'ono mwa anawo, Kenneth, adali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Lero amishonale ambiri akuchokera m'maiko a mu Africa, Asia ndi South America, otumidwa ndi mipingo imene ilibe kanyumba paphiri, ndiponso imene imaganiza, monga ndinkaganizira ine, kuti munthu wakuda akafika kumudzi ndiye kuti wapuma kale. Tidatengera kwa azungu mwambo wotuma anthu. Mwambo wowasamala tidausiya, mwina poganiza kuti ndi chizungu.

Nanga mayi anga aja a khasu, amene ndidawagwiritsa ntchito ngati chibonga chomenyera mlongo wanga mumtima? Ndaona tsopano kuti kulingalira kwanga kudali kokhota. Ndinkati popeza mayi sapuma, mwana wawo asapumenso. Chilungamo chotere n'cha munthu amene, poona kuti mnzake alibe chofunda, amang'amba chake kuti onse azizidwe. Lamulo lija lidalembedwera iwowo poyamba, mayi a khasu ndi agogo a machila. Ngati sapuma, mlandu uli pa ine amene ndimalandira malipiro pa mwezi ndipo ndingathe kuwalembera aganyu milungu iwiri. Ndipo mmishonale amene waphunzira kupuma popanda manyazi ali ndi uthenga umene mlimi wa ku Nampula akuusowa: kuti mtengo wa munthu suli m'matumba amene wakolola. Amene sapuma angaulalikire ndi pakamwa, koma moyo wake ukunena zina.

Ndidang'amba mbali yotsala ya pepala lija. Akulu a mipingo inayi adakhumudwa, ndipo mmodzi sadandiyankhebe moni mpaka lero. Mnzanga wina adatibwereka nyumba yake kunyanja ku Mangochi, ndipo ndidatumiza banja lonse kumeneko milungu iwiri, pamodzi ndi mwana uja. Ndidawalanda foni alamu anga. Maliro amene adagwa masiku amenewo ndidakapepesa ndine. Kuti mlongo wanga asagwire mthiko, ndidawapatsanso mtsikana amene amatithandiza ntchito pakhomo pathu kuti azikawaphikira ndi kuwachapira. Atabwerako, ndidaona mwana uja akutsika m'minibasi atakolowekana mikono ndi mayi wake, akukangana za usipa umene wina adaupsereza. Sadagwade, sadafunse za tiyi. Ndidamva bwino mumtima, ndipo ndidayamba kulemba nkhani ino ndikudziona ngati munthu amene waphunzira phunziro lake.

Ndili pakati polemba, mtsikana wantchito uja adabwera kwa akazi anga, nagwada pakhomo la khitchini. Adapempha ngati angaloledwe kupita kwawo masiku awiri, chifukwa mwana wake, amene adamusiya kwa agogo ake kumudzi, adali asanamuone chichokere Khirisimasi. Adati kunyanja kuja, poona mayi ndi mwana akusewera m'madzi, mtima wake sudakhale m'malo. Ndidaika cholembera pansi. Ine mdzukulu wa wosenza machila, amene ndidathera unyamata wanga ndikukwiyira azungu a pa Mulanje, ndidatuma munthu kuti akasenze machila a mlongo wanga, ndipo sindidaganizeko n'kamodzi komwe.

Adapita milungu iwiri, malipiro ake osadulidwa, ndipo m'nyumba mwathu tidadya nsima ya mibulu yophika ine. Sindikunena izi kuti mundiombere m'manja, pakuti milungu iwiri siifafaniza miyezi isanu ndi itatu. Mlongo wanga ndi alamu adabwerera ku Nampula, ndipo mwana wawo akadali kwa ine. Tagwirizana kuti tchuthi chilichonse cha sukulu azipita kwa makolo ake, ngakhale ulendowo ukudya ndalama zimene zikadagula malata a tchalitchi chawo. Ena mwa inu mudzati tasankha molakwa, ndipo ndidzakondwa kumva zifukwa zanu tikakumana. Yankho langa pa funso la pamutu lija n'lakuti inde, wotumidwa aziloledwa kutopa, ndipo apume popanda kupepesa, pakati pa anzake omumvetsa, ana ake ali pamiyendo. Koma amene tikukonza mpumulowo tisatseke buku tisanawerenge maina onse, mpaka la amene akukoleza moto kuseri kwa nyumba.